Malo 160: Zimene Uthenga Wapafoni Wachita pa Kalembedwe ka Chicheŵa

Mawu Oyamba

Chicheŵa chambiri chimene chikulembedwa masiku ano chikulembedwa pa foni yam'manja. Mlimi amene papita zaka asadagwire cholembera amalemba uthenga wofunsa mtengo wa fetereza. Mayi amalembera mwana wake amene ali ku Joni. Mlembi wa mpingo amaitanira anthu kumsonkhano. Ndipo uthenga wa maliro, umene kale unkayenda ndi anyamata otumidwa ndi mfumu kapena kulengezedwa pawailesi, tsopano umafikira m'thumba la malaya. Ife amene ntchito yathu ndi kulemba, kukonza ndi kuphunzitsa chiyankhulo sitingaone zimenezi ngati nkhani ya amisiri a mafoni okha.

Dandaulo limene timalimva kaŵirikaŵiri pakati pa aphunzitsi ndi lakuti achinyamata awononga Chicheŵa ndi kalembedwe kawo ka pafoni. Dandauloli lili ndi maziko, koma limafulumira kuloza chala munthu lisadaunike chipangizo chimene munthuyo wapatsidwa. M'nkhani ino tiunika uthenga wolemba, umene umadziŵika ndi dzina lakuti SMS, ndi uthenga wa chithunzi, umene umatchedwa MMS. Tifunsa zimene mauthengaŵa angathe kunyamula, zimene amataya panjira, ndiponso amene amalipira zotayikazo. Mfundo yathu ndi yakuti malire a mauthengaŵa adayezedwa pa ziyankhulo za ku Ulaya, ndipo Chicheŵa chidaloŵamo ngati mlendo wamtali amene ayalidwa mphasa yaifupi. Ena mwa malirewo adatha, koma zizoloŵezi zimene adabala zidakalipo, ndipo zayamba kuoneka ngati malamulo.

Kumene Chiŵerengero cha 160 Chidachokera

Uthenga woyamba wa SMS udatumizidwa ku Britain pa 3 Disembala 1992. Adautumiza ndi Neil Papworth kuchokera pa kompyuta kupita pa foni ya Richard Jarvis wa kampani ya Vodafone, ndipo udali womufunira Khirisimasi yabwino. Maganizo ake adali atayamba kale mu 1984, pamene Friedhelm Hillebrand wa ku Germany ndi Bernard Ghillebaert wa ku France adalingalira zogwiritsa ntchito kanjira kamene foni ndi nsanja zimadziŵitsirana za kalumikizidwe, kuti kazinyamulanso timawu toŵerengeka. Kanjirako n'kakang'ono kwambiri. Uthenga umodzi udapatsidwa tizidutswa 1,120 timene amisiri amatitcha bit. Lembo lililonse likadya tizidutswa 7, ndiye kuti mu uthengawo mungaloŵe malembo 160.

Hillebrand adafuna kutsimikiza kuti chiŵerengerochi n'chokwanira. Adakhala pa tayipi n'kumalemba ziganizo zosiyanasiyana ndi kuŵerenga malembo ake. Kudaonedwanso kutalika kwa mawu amene anthu ankalemba pa mapositikhadi ndi m'mauthenga a teleksi, ndipo kudapezeka kuti ambiri sankafika pa 160. Kuyesaku kudali kwanzeru ndithu, koma pa tayipi imene ija padalibe chiganizo cha Chicheŵa ngakhale chimodzi.

Tiyenera kuzindikira kuti 160 si malembo okha ayi. Mpata wa pakati pa mawu, mpumiro, mpatuliro ndi mfunsiro, zonsezi zimadya malo. Uthenga ukapyola 160 umadulidwa m'zigawo, ndipo chigawo chilichonse chimanyamula malo 153 okha chifukwa malo ena amasungidwira chizindikiro cholumikizira zigawozo zikafika. Chigawo chilichonse chimaŵerengedwa ngati uthenga pachokha. Malire ameneŵa adafalikira ngakhale kumene kudalibe chifukwa chowasungira mpaka kalekale: Twitter idayamba mu 2006 ndi malo 140 kuti mawu ake azikwana mu SMS imodzi pamodzi ndi dzina la wolemba, ndipo idawonjezera malowo kufika pa 280 mu 2017.

Kuno kwathu kampani ya TNM idakhazikitsidwa mu 1995, ndipo Celtel, imene pambuyo pake idakhala Zain kenaka Airtel, idayamba ntchito mu 1999. Malamulo a kalembedwe ka Chicheŵa adatuluka mu 1973 ndi kukonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Choncho adalembedwa poganizira choko, cholembera, tayipi ndi makina osindikizira mabuku. Foni idafika malamulo atakhazikika kale, ndipo idabwera ndi malamulo akeake.

Malembo Amene Adaiŵalika

Kuti lembo lidye tizidutswa 7 tokha, amisiri adakonza mndandanda wa malo 128, wodziŵika ndi dzina lakuti GSM 03.38. Mu mndandandawu muli malembo onse a Chingerezi, aakulu ndi aang'ono, manambala ndi zizindikiro za m'kalembedwe. Mulinso malembo monga é, è, ñ, ü, ö, å, ø ndi ß, amene ziyankhulo za kumadzulo kwa Ulaya zimafuna, ndiponso malembo aakulu khumi a Chigiriki. Lembo lathu la ŵ mulibe.

Zotsatira zake n'zazikulu kuposa mmene munthu angaganizire. Uthenga ukakhala ndi lembo limodzi lokha limene mulibe mu mndandandawo, foni imasintha uthenga wonse kuuika m'dongosolo lina lotchedwa UCS-2, m'mene lembo lililonse limadya tizidutswa 16. Pamenepo malo amatsika kuchoka pa 160 kufika pa 70, ndipo uthenga wautali umadulidwa m'zigawo za malo 67. Mwachitsanzo, uthenga wa malo 150 umapita ngati uthenga umodzi. Koma wolembayo akalemba dzina la dziko lake kuti Malaŵi, uthenga womwewo umasanduka zigawo zitatu. Mafoni ena amapeŵa zimenezi mwa kuchotsa okha kadenga ka pamwamba pa w, kapena kuika mfunsiro pamalo pa lembolo. Anthu a ku Wales, amenenso ali ndi ŵ m'chiyankhulo chawo, ali pa vuto lomweli. Patapita zaka, amisiri adawonjezera mindandanda yapadera ya chiyankhulo cha ku Turkey, cha ku Spain, Chipwitikizi, ndi ziyankhulo khumi za ku India ndi maiko oyandikana nalo. Palibe chiyankhulo cha muno mu Africa chimene chidapatsidwa mndandanda wakewake.

Sitikunena kuti foni ndiyo idapha ŵ. Matayipi ambiri adalibe lemboli, anthu ambiri salitchula mosiyana ndi w wamba, ndipo mabuku ambiri a masiku ano salilembanso. Mkangano wakuti lemboli lisungidwe kapena lisiyidwe ndi wakalekale, ndipo mbali zonse ziŵiri zili ndi mfundo. Chimene tikunena n'chakuti mkangano wotere uyenera kuthetsedwa ndi eni chiyankhulo atamvetsera mmene anthu amatchulira mawu. Suyenera kuthetsedwa ndi mtengo wa uthenga.

Nkhani ya nkhodolero ndiyo yoopsa koposa, chifukwa nkhodolero palibe amene akuti tiisiye. Mu mndandanda uja muli nkhodolero yowongoka yokha. Nkhodolero yopindika, imene makompyuta ndi mafoni ena amaika okha pofuna kukongoletsa zolembedwa, mulibe. Mlembi wa ofesi amene wakonza chidziŵitso pa kompyuta n'kuchikopera m'makina otumizira mauthenga kwa anthu ambiri angapeze kuti mawu amodzi okha monga m'mudzi kapena ng'ombe achulukitsa mtengo kaŵiri kapena katatu. Posadziŵa gwero la vutolo, ambiri amangochotsa nkhodolero zonse. Komatu ng'oma yoimba si ngoma ya kutchire, ndipo m'bale wobadwa naye si mbale yodyeramo. Mankhwala ake n'ngapafupi: kusintha nkhodolero yopindika kuika yowongoka, basi.

Mabatani ndi Chala

Mafoni amene adaphunzitsa mbadwo wonse kulemba adali ndi mabatani 12, ndipo malembo 26 adagaŵidwa pa mabatani asanu ndi atatu, kuyambira pa 2 mpaka pa 9. Kuti munthu alembe a ankadina kamodzi, koma kuti alembe s kapena z ankadina kanayi. M'Chingerezi z ndi lembo losoŵa. M'Chicheŵa ndi lembo la tsiku ndi tsiku: zinthu izi, zathu, zimene, nzeru, dzina. Nalonso s ndilo limanyamula kukana mu si- ndi -sa-. Mawu akuti zikomo ankafuna kudina ka 16, ndipo popeza o, m ndi o ali pa batani limodzi, wolemba ankayenera kuima kaŵiri kudikira foni. Mawu akuti ntchito ankafuna kudina ka 15.

Chala chikatopa, lembo loyamba kutayidwa lidali h, chifukwa wolemba ankaona ngati silisintha kanthu. Koma h m'Chicheŵa amasonyeza kutuluka kwa mpweya, ndipo amasiyanitsa mawu: kuponya ndi kuphonya, kola ndi khola, pala ndi phala. Mlenje amene waponya mkondo ndi amene waphonya nyama sabwerera kumudzi ndi nkhani imodzi.

Amisiri adakonza njira yolosera mawu yotchedwa T9, imene inkafuna kudina kamodzi pa lembo lililonse, foni n'kusankha mawu kuchokera m'dikishonale yake. Koma dikishonale ya m'mafoni amene adafika kuno idali ya Chingerezi, motero wolemba Chicheŵa ankangoitseka. Mafoni amakono ali ndi malembo onse pagalasi, ndipo vuto la kudina kanayi lidatha kwa amene ali nawo. Latsala ndi lakuti foni imene idakali pa Chingerezi imakonza mawu a Chicheŵa amene sadalakwike, n'kuwasandutsa mawu achilendo wolemba asadaone.

Kudula Malembo a Liwu

Njira yofala yofupikitsira mawu, yochotsa malembo a liwu, tidaitengera ku Chingerezi popanda kufunsa ngati ikugwirizana ndi kapangidwe ka chiyankhulo chathu. M'Chingerezi maphatikizo ambiri amathera ndi lembo lopanda liwu, motero mafupa a mawu amatsala ooneka ngakhale malembo a liwu atachoka. M'Chicheŵa pafupifupi phatikizo lililonse limathera ndi lembo la liwu, ndipo lembolo limanyamula tanthauzo. Taonani malembo anayi aŵa: ndlm. Kodi wolembayo akuti ndalama, ndalema, ndalima kapena ndaluma? Mwana wasukulu akatumizira bambo wake zilembo zoterezi, bamboyo sangadziŵe ngati akupemphedwa fizi kapena akudandauliridwa za kutopa.

Lembo lomaliza la mneni ndilo lofunika koposa. Mubwera ndi kunena zimene zichitike, pamene mubwere ndi pempho kapena lamulo. Apita ndi kudziŵitsa, pamene apite ndi kulola kapena kulamula. Wodula lembo lomaliza wadula galamala yeniyeniyo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti kudula kumeneku kaŵirikaŵiri n'kosafunika, pakuti Chicheŵa chili kale ndi njira yake yofupikitsira. Mneni wathu amanyamula mwininkhani, nthaŵi, kukana, pamtherankhani ndi ulemu m'mawu amodzi. Sindidakuuzeni ndi malo 14. Kuti Chingerezi chinene zomwezo chimafuna mawu asanu ndi malo 18. Tilinso ndi mvekero, umene umajambula chinthu ndi malembo atatu kapena anayi: kunja kuli zii, madzi ali mbee, anthu adangoti phee. Tili ndi miyambi, imene imanena m'mzere umodzi zimene zikadafuna ndime yathunthu. Wolemba amene akudziŵa chiyankhulo chake amafupikitsa posankha mawu, ndipo mawu amene wasankhawo amawalemba athunthu.

Ulemu ndi Kamvekedwe ka Mawu

Kalata ya Chicheŵa siyamba ndi nkhani. Imayamba ndi moni, kufunsa za moyo, ndi kudziŵitsa mmene kwachera. Taŵerengani malo a moni uyu: "Muli bwanji bambo? Ife kuno tili bwino, kaya inu kumeneko." Ndi malo 58, kupyola gawo limodzi mwa magawo atatu a uthenga wonse. Ngati uthengawo wagwera m'dongosolo la malo 70, ndiye kuti kwatsala malo 12 okha a nkhani. Choncho moni ndiye adakhala woyamba kusiyidwa, ndipo mbadwo wina wakula ukuona ngati n'zabwinobwino kuyamba ndi pempho polembera mpongozi.

Pa moni tingamvetse, chifukwa ndi wautali. Koma ulemu wa m'kati mwa mneni ndi wotsika mtengo. Pakati pa bwera ndi bwerani pali malembo aŵiri okha; pakati pa ndakumva ndi ndakumvani palinso aŵiri. Munthu amene amamana mkulu wake -ni sangaimbe mlandu foni.

Pali malire ena amene si a foni yokha, koma foni imawakulitsa. Kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa mofanana, chimodzimodzinso khungu la thupi ndi khungu la maso. Pa aneni ndiye pali ntchito: ndimathandiza angatanthauze chizoloŵezi cha masiku onse kapena zimene munthu amachita kanthaŵi kapitako, ndipo sindipita angatanthauze kuti munthu alibe chizoloŵezi chopitako kapena kuti lero wakana. Poyankhula khutu limasiyanitsa. M'buku kapena m'kalata ziganizo zoyandikana zimathandiza woŵerenga kusankha tanthauzo loyenera. Uthenga wa mzere umodzi ulibe liwu, ulibenso ziganizo zoyandikana nazo. Mwambi uja wakuti kandimverere adakanena za m'maluwa ukukwanira pamenepa, kungoti mthenga wake tsopano ndi makina.

Anthu ayesa kubwezera liwu lotayikalo ndi kkkk wosonyeza kuseka, kapena tinkhope toseka ndi tolira totchedwa emoji. Tinkhopeti timathandiza pa macheza, koma mu SMS kankhope kamodzi kamagwetseranso uthenga pa malo 70. Ndipo pali nkhani zina zimene sizifuna kankhope. Mwambo wathu sulola kufikira kunena kuti uje wamwalira kwa munthu amene ali yekha kutali. Akuluakulu amati matenda aja akula, kapena amatuma munthu wokakhala naye pansi. Uthenga wapafoni umafika nthaŵi iliyonse, munthu ali pa njinga, m'kalasi kapena pamsika, popanda womugwira phewa. Apa malire si a malembo ayi. Foni siidziŵa amene akuŵerenga ndi pamene ali.

Uthenga wa Chithunzi

MMS idayamba kugulitsidwa mu 2002, ndipo idalonjeza kuthetsa umphaŵi wa malo 160 ponyamula chithunzi, mawu oyankhulidwa ndi kanema wamfupi. Lonjezolo silidakwaniritsidwe mokwanira, ndipo padziko lonse MMS siidafale ngati SMS. Inkafuna foni yokhoza kulumikizana ndi intaneti ndiponso yotcheredwa bwino. Wolandira amene foni yake idali yosavomereza zithunzi ankangolandira mawu omuuza kuti akaone chithunzicho pa intaneti. Kukula kwa uthenga kudalinso ndi malire, kaŵirikaŵiri makilobaiti 300 kapena 600, pamene chithunzi chojambulidwa ndi foni yamakono chimakula kupyola pamenepo kangapo. Kuti chikwane, makina amachifinya, ndipo pofinyapo tinthu ting'onoting'ono timafufutika.

Kwa ife osamala za kalembedwe, tinthu ting'onoting'onoto ndiye chuma. Chithunzi cha nkhope chikafinyidwa munthu amazindikirikabe. Chithunzi cha tsamba lolembedwa chikafinyidwa, zoyamba kusoŵa ndi nkhodolero, mpatuliro, kadenga ka ŵ, ndi kusiyana kwa manambala ofanana maonekedwe monga 3 ndi 8. Masiku ano zithunzi zambiri zimayenda pa WhatsApp, imene idayamba mu 2009, ndi njira zina za pa intaneti, koma nazonso kaŵirikaŵiri zimafinya zithunzi. Chidziŵitso cha ofesi chimene chajambulidwa pakhoma, n'kujambulidwanso pagalasi la foni ina, chimafika kwa munthu wakhumi chitatha mphamvu.

Mawu amene ali m'chithunzi ndi ovuta kuwakonza ndi kuwafufuza, ndipo makina oŵerengera anthu osaona amavutika nawo. Cholakwika chimene chaloŵa m'chithunzi chimayenda nacho kulikonse kumene chikupita. Mkonzi angakonze nkhani mu nyuzipepala ya maŵa, koma sangaitanitse chithunzi chimene chafalikira kale m'mafoni.

Chofooka chachikulu cha chithunzi n'chakuti chilibe galamala. Sichidziŵa kukana, sichidziŵa nthaŵi, ndipo sichitchula malo. Chithunzi cha mlatho wokokoloka sichinena ngati mlathowo wagwa lero kapena zaka zisanu zapitazo, ngati uli ku Chikwawa kapena kudziko lina. Zimenezi zimanenedwa ndi mawu olembedwa pansi pake, ndipo mawuwo akasiyidwa kapena kusinthidwa, chithunzi choona chimanyamula bodza. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Choncho chithunzi sichimachotsa ntchito ya wolemba. Chimafuna chiganizo chimodzi cholembedwa bwino chonena chinthu, malo ndi tsiku.

Pamene Uthenga Wanyamula Moyo ndi Ndalama

Wina angati zonsezi ndi nkhani ya macheza a achinyamata. Iyayi. Mu 2008 chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chidayamba kugwiritsa ntchito SMS polumikizana ndi anthu odzipereka othandiza odwala m'midzi yakutali. Mu 2011 ku Balaka kudayamba ntchito ya Chipatala Cha Pa Foni, imene kuwonjezera pa nambala yoimbira inkatumiza uphungu kwa amayi oyembekezera ndi olera ana, wolembedwa kapena woyankhulidwa. Airtel Money idayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba idatsatira mu 2013. Ndondomeko zimene munthu amatsata pa foni potumiza ndalama zimayenda pa njira ya USSD, imene nayo ili ndi malire a malo 182. Ntchito zonsezi zapindulitsa anthu ambiri, ndipo zikutionetsa kuti SMS idakali ndi mphamvu imene njira zamakono zilibe: imafika pa foni iliyonse, ngakhale yotsika mtengo, popanda bandulo ya intaneti.

Chifukwa cha mphamvu yomweyo, uthenga wolembedwa mosasamala umavulaza anthu ambiri nthaŵi imodzi. Pa malangizo a mankhwala, kusiyana kwa amwe ndi asamwe ndi malembo aŵiri. Uthenga wa zigawo zitatu ungafike chigawo chimodzi chitatsalira, popeza SMS imasungidwa kaye pamakina a kampani ndipo palibe chitsimikizo chakuti ifika nthaŵi yomweyo. Ngati chenjezo lili m'chigawo chomaliza, wodwala angaŵerenge lamulo popanda chenjezo lake. Komanso uthengawu subisidwa kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, ndipo m'mabanja ambiri foni imodzi imagwiridwa ndi anthu angapo. Zinsinsi za odwala siziyenera kulembedwamo mwachisawawa.

Palinso akuba, amene amatumiza mauthenga onena kuti ndalama ija itumizidwe pa nambala yakutiyakuti. Kale munthu ankazindikira kalata ya ofesi poona chidindo ndi siginecha. Mu SMS mulibe chidindo, ndipo dzina la wotumiza likhoza kupekedwa. Chimodzi mwa zinthu zochepa zimene zatsala kwa woŵerenga ndi chiyankhulo cha uthengawo. Maofesi akamalemba Chicheŵa chodukaduka, chopanda nkhodolero ndi chosakaniza ndi Chingerezi, amadzifananiza okha ndi akubawo, ndipo munthu wakumudzi amasoŵa posiyanitsira.

Za Mawu Otchulira Zinthuzi

Anthu adatenga kale mawu akuti foni, meseji, mayunitsi, bandulo, netiweki ndi kufulasha, ndipo mawuŵa aloŵa m'galamala yathu mopanda vuto: timati mafoni, mameseji, wandifulashira. Palibe chifukwa chowathamangitsira. Pa zolembedwa za ofesi ndi za m'kalasi, mawu akuti uthenga ndi okwanira ndiponso omveka kwa aliyense. Pofunika kusamala ndi paŵiri. Poyamba, kunena kuti uthenga wa mawu n'kosokoneza, popeza mawu angakhale olembedwa kapena oyankhulidwa. N'kwabwino kusiyanitsa uthenga wolemba, uthenga woyankhula ndi uthenga wa chithunzi. Kachiŵiri, pomasulira malangizo onena za kutalika kwa uthenga tisamati malembo 160, chifukwa wophunzira amaŵerenga malembo okha n'kuiŵala mipata ndi zizindikiro. Tiziti malo 160.

Zoyenera Kuchita

Kwa aphunzitsi: m'malo mongoletsa kalembedwe ka pafoni, tiyeni tikagwiritse ntchito pophunzitsa chifupikitso. Ophunzira apatsidwe nkhani ya ndime imodzi, monga kuitanira makolo kumsonkhano, ndipo ailembe m'malo osapyola 160 popanda kudula lembo ngakhale limodzi, popanda kutaya nkhodolero, ndiponso mwaulemu woyenera wolandira. Kenaka asinthane zolembazo, aliyense anene zimene wamva. Pamene aŵiri amva zosiyana, pamenepo ndi pamene phunziro lili.

Kwa akonzi ndi omasulira mauthenga opita kwa anthu ambiri: uthenga ulembedwe m'Chicheŵa kuyambira pachiyambi, osati kumasulira wa Chingerezi kenaka n'kumadula kuti ukwane. Mfundo yaikulu ndi chenjezo zikhale koyambirira. Nkhodolero ikhale yowongoka. Uthengawo uŵerengedwe mokweza ndi munthu amene sadaulembe, kuti mneni wa matanthauzo aŵiri aonekere usadatumizidwe. Pamene olandira ambiri sadziŵa kuŵerenga, kapena nkhani ikufuna kamvekedwe ka liwu, uthenga woyankhula ndiwo woyenera.

Kwa alembi a nthano ndi zisudzo: kalembedwe ka pafoni ndi mbali ya moyo wa anthu, ndipo mtengambali wachinyamata angalembe nde m'malo mwa ndiye mu uthenga wake. Koma mawu a wofotokoza nkhani atsate malamulo, kuti woŵerenga aone kuti mlembi akudziŵa kusiyana kwake.

Pomaliza

Walira mvula walira matope. Foni yam'manja yachititsa anthu ambiri kulemba chiyankhulo chawo kuposa kale, ndipo chimenechi n'chinthu choyamika. Matope ake ndi amene tafotokozaŵa. Masiku ano munthu wolemba pa intaneti salipiranso lembo lililonse, ali ndi malembo onse pansi pa chala chake, ndipo ŵ amapezeka m'dongosolo la Unicode limene mafoni amakono amagwiritsa ntchito. Komabe ambiri akulembabe ngati kuti malo ndi 160 ndipo z akufuna kudina kanayi. Kwa amene adakali ndi foni ya mabatani ndi mayunitsi ochepa, malirewo ndi enieni, ndipo udindo wathu ndi kuwaonetsa mmene angafupikitsire popanda kuphwanya mawu. Kwa enafe malirewo adachoka. Wophunzira akafunsa chifukwa chake tikuumirira h mu kuphonya, nkhodolero mu ng'oma ndi -ni mu bwerani, timuyankhe kuti zimenezi ndizo zimathandiza wolandira uthenga kumva zimene wotumiza amafuna kunena.